Maliro a ku Joni: Mbiri ya Buku Limodzi ndi Maulendo Ake

1. Pa doko la Chipoka

Munthu akaima pa doko la Chipoka nayang'ana kumvuma aona nyanja. Akatembenukira kuzambwe aona njanje, ndipo patali mapiri a Dedza. Njira ziwirizi, ya pa madzi ndi ya pa mtunda, zidakomana pamenepa m'chaka cha 1935, pamene njanje yochokera ku Blantyre idafika ku Salima. Chaka chomwecho adatsegula mlatho waukulu wa pa Zambezi ku Dona Ana. Kuyambira pamenepo mnyamata wochokera ku Nkhotakota, ku Likoma kapena ku Nkhata Bay ankatha kutsika sitima ya pa madzi pa Chipoka, nakwera ya pa mtunda, napita osatembenuka kufikira ku Halale, ku Bulawayo, ngakhale ku Joni kumene.

Ambiri adapita. Msonkho unkafunika chaka ndi chaka, ndipo ndalama pa mudzi zidali zosowa. Akuluakulu amene Boma lidawatuma m'chaka cha 1935 kuti afufuze za ulendowu adapeza kuti amuna a dziko lino amene adali kunja adali ngati 120,000. Ena ankabwerako ndi njinga, mabulangete ndi bokosi la malata, mudzi wonse nuchita nthungululu. Ena ankayamba ndi kulemba kalata mwezi ndi mwezi, kenaka kamodzi pa chaka, potsiriza zii. Amenewa ndiwo makolo athu adawatcha matchona. Maliro a munthu wotchona ndi ovuta kulira, pakuti palibe siwa, palibe manda, palibe tsiku lometa; mai amangoyang'ana ku njira kufikira maso atachita khungu.

Tayamba ndi mau awa chifukwa nkhani imene tifuna kukamba ndi ya buku lolembedwa ku South Africa, ndipo wina angafunse kuti litikhudza bwanji ife a kunyanja kuno. Bukulo dzina lake ndi Cry, the Beloved Country, ndiko kunena kuti Lira, Dziko Lokondedwa. Likamba za nkhalamba imene idakwera sitima kukafuna mwana wake wotchona ku Joni. Anthu adalikonda kwambiri kotero kuti adalisandutsa sewero loyimba ndiponso kanema katatu. Tidzatsata maulendo akewo mmodzimmodzi, tione chimene chisoni cha nkhalambayo chidapindula ndi chimene chidataya pochoka m'buku kulowa m'nyimbo ndi m'zithunzi.

2. Mlembi ndi nthano yake

Alan Paton adabadwira ku Pietermaritzburg, m'dziko la Natal, m'chaka cha 1903. Adali mzungu, mphunzitsi, ndiponso Mkhristu wa mpingo wa Angilikani. M'chaka cha 1935 adampatsa udindo woyang'anira Diepkloof, malo osungirako anyamata achikuda olakwira malamulo, pafupi ndi Johannesburg. Kumeneko adakhala zaka zoposa khumi akumva milandu ya ana ochokera ku midzi amene mzinda udawameza. M'chaka cha 1946 adapita ku Ulaya ndi ku Amereka kukaona m'mene maiko ena amasungira akaidi. Ali mumzinda wa Trondheim ku Norway, yekhayekha m'chipinda cha alendo, adagwidwa ndi chifundo cha kwawo, nayamba kulemba. Adalemba m'sitima ndi m'mahotela, natsiriza ku San Francisco pa nyengo ya Khirisimasi chaka chomwecho. Buku lidatuluka ku New York kumayambiriro kwa 1948. Patangopita miyezi yowerengeka, mu May, chipani cha National cha D. F. Malan chidatenga boma ku South Africa, nichiyamba kukhazikitsa malamulo a tsankho otchedwa apartheid.

Nthano yake ili motere. Stephen Kumalo ndi mbusa wosauka wa ku Ndotsheni, mudzi wa Azulu pafupi ndi Ixopo, kumene nthaka idaguga ndipo mwatsala nkhalamba, akazi ndi ana okhaokha. Mlongo wake Gertrude adapita ku Joni kukafuna mwamuna wake, osabwera. Mwana wake mmodzi yekhayo, Absalom, adapita kukafuna azakhali akewo, iyenso osabwera. Tsiku lina ifika kalata yochokera kwa mbusa wina, Theophilus Msimangu, yonena kuti Gertrude akudwala. Kumalo ndi mkazi wake atenga tindalama timene ankasungira sukulu ya mwanayo, ndipo nkhalamba ikwera sitima. Ingofika mumzinda, mnyamata wina ainamiza kuti akaigulira tikiti ya basi, nathawa nayo ndalama.

Gertrude ampeza akugulitsa mowa ndi thupi lake. Mbale wake John ampeza ali mmisiri wa matabwa ndi mlankhuli wa ndale wa mau ngati bingu, koma atasiya mpingo. Absalom amtsata khomo ndi khomo, ku Sophiatown, ku Alexandra, ku Orlando, ku malo osungirako anyamata olakwa, paliponse namva kuti wangochoka kumene. Pomalizira ampeza m'ndende. Mnyamatayo ndi anzake awiri adalowa m'nyumba ya mzungu kukaba, ndipo iye pochita mantha adaomba mfuti napha mwini nyumba. Wophedwayo ndi Arthur Jarvis, munthu amene ankalimbikira kumenyera ufulu wa anthu akuda. Atate wake, James Jarvis, ndi mlimi wolemera wokhala pa phiri loyang'anana ndi Ndotsheni. Absalom avomera mlandu naweruzidwa kuti anyongedwe. Anzake aja, mmodzi mwa iwo mwana wa John, akana ndipo amasulidwa.

Tsono pali atate awiri, yense wataya mwana wamwamuna mmodzi yekha, ndipo ndi anansi amene sadalankhulanepo. Pakati pa buku pali malo amene owerenga saiwala. Munthu wina wa ku Ndotsheni adapempha Kumalo kuti akamfunireko mwana wake wamkazi amene ankagwira ntchito kwa azungu ku Springs, monga umo timachitira ifenso potuma aliyense wa pa ulendo. Kumalo agogoda pa khomo lija, ndipo wotsegula ndi James Jarvis. Nkhalamba injenjemera, igwetsa ndodo ndi chipewa, ikhala pansi pa khonde. Jarvis samdziwa, koma aona kuti munthuyu wasenza kanthu kolemera, namuumiriza kuti anene. Atamva, sakalipa. Kuchokera pamenepo, ndiponso powerenga zimene mwana wake adasiya atalemba, mtima wa mzunguyo uyamba kutembenuka. Atumiza mkaka kwa ana a ku Ndotsheni, abweretsa mlangizi wa zaulimi, alonjeza kumanga tchalitchi chatsopano. Usiku wotsiriza wa moyo wa Absalom, Kumalo akwera phiri yekha, nachezera kupemphera kufikira mbandakucha, ora limene akudziwa kuti mwana wake akunyongedwa ku Pretoria. Buku lithera pomwepo.

Mphamvu ya bukuli ili m'kufatsa kwake. Mlembi samthamangitsa wowerenga; amamyendetsa pang'onopang'ono monga ayendera anthu operekeza maliro, m'mau ofanana ndi a m'Buku Lopatulika. Ngakhale dzina la Absalom lidasankhidwa dala, kuti tikumbukire Mfumu Davide polira mwana wake wopanduka. Chisoni chambiri chili m'kati mwa mtima wa nkhalamba, m'zimene ikuganiza osazinena. Apa ndipo padagona vuto la onse amene adadza pambuyo: chinthu cha mu mtima uchionetsa bwanji pa bwalo?

3. Chisoni chilowa m'nyimbo

Azungu ali ndi mtundu wa sewero umene amautcha opera. M'sewero lotere anthu amavala ndi kuchita monga m'sewero lina lililonse, koma mau awo akuluakulu amawayimba, gulu la oyimba ndi zing'wenyeng'wenye likuwathandiza. Kwa ife zimenezi si zachilendo kwenikweni. Agogo pokamba nthano madzulo amafika pena pamene mau wamba aperewera, nayambitsa nyimbo, ana n'kumavomera. Pa siwa napo, namfedwa akalephera kulankhula, amai a m'mudzi amamyimbira usiku wonse.

Amene adatenga buku la Paton kuliika m'nyimbo adali anthu awiri a ku Amereka. Mau adalemba ndi Maxwell Anderson, mlembi wa masewero wotchuka. Nyimbo adapeka ndi Kurt Weill, Myuda wobadwira ku Dessau m'dziko la Germany m'chaka cha 1900, amene adathawa Hitler m'chaka cha 1933 nafika ku Amereka m'chaka cha 1935. Weill ankadziwa yekha kuwawa kwa kusankhidwa mtundu ndi kutaya dziko lako. Sewero lawo adalitcha Lost in the Stars, ndiko kuti Otayika Pakati pa Nyenyezi, ndipo lidayamba kuonetsedwa pa 30 October 1949 ku Music Box Theatre mu New York. Wolongosola adali Rouben Mamoulian. Kumalo adali Todd Duncan, woyimba wachikuda wa mau a besi yopepuka, yemwe adatchuka m'chaka cha 1935 m'sewero la Porgy and Bess. Adalionetsa koposa ka 270. Lisadatsekedwe, Weill adamwalira pa 3 April 1950 ali ndi zaka 50, kotero kuti ili ndilo sewero lake lotsiriza.

Nzeru yawo yaikulu idali kuika gulu la oyimba pa bwalo, lokhala ndi mtsogoleri wake, kuti lizinena zimene m'buku amanena mlembi. Gululo limafotokoza za mapiri a Ixopo, limalira m'malo mwa dziko, ndipo pambuyo pa mbanda ija limagawika pawiri, azungu kuyimba mantha awo, akuda kuyimba mantha awonso. Pali nyimbo ya pa siteshoni imene imasiyanitsa ulendo wa mzungu, umene uli ndi tsiku lobwerera, ndi ulendo wa munthu wakuda, umene ulibe. Mai aliyense amene adaperekezapo mwana pa Chipoka angaimve nyimbo imeneyo popanda womasulira. Motero chisoni chimene m'buku chidali cha munthu mmodzi chidasanduka cha khamu, ndipo pamenepa sewero lidayandikira mwambo wathu wakuti maliro n'kulirana.

Koma padali zotayika. Choyamba, nyimbozo si za Azulu. Weill sadapondepo ku South Africa, ndipo mayimbidwe ake adatsamira ku nyimbo za ku Ulaya ndi za anthu akuda a ku Amereka. Nyimbo zina, pamodzi ndi imene idapatsa sewero dzina, iye ndi Anderson adazipeka kale m'chaka cha 1939 chifukwa cha sewero lina limene silidatheke, ndipo adangozisamutsa. Chachiwiri n'chachikulu koposa. Nyimbo ya dzinayo imamyimbitsa Kumalo maganizo akuti mwina Mulungu adachoka nasiya anthu ali okha. Kumalo wa m'buku amafooka, amachita mantha, nthawi zina amalankhula mwankhanza, koma chikhulupiriro ndicho ndodo imene imamfikitsa pamwamba pa phiri. Paton adapita ku New York kukaona seweroli, ndipo pambuyo pake, polemba mbiri ya moyo wake, adaulula kuti chinthu chimenechi sichidamkondweretse. Chachitatu, mathero adasintha. M'malo mwa nkhalamba yokha pa phiri, sewero limabweretsa Jarvis m'nyumba ya Kumalo pa ora la kunyongedwa, awiriwo nagwirizana kukhala mabwenzi. Anthu oonerera amatuluka mitima itatsika. Buku silipereka chipepeso chofulumira chotero. Limasiya wowerenga akudikira kucha kumene sikudafike.

Poyamba seweroli lidali la pa Broadway, kumene anthu amapita kukasangalala, ndipo mbali zina zidali zolankhula. M'chaka cha 1958 bungwe la New York City Opera lidalitenga nililowetsa m'nyumba ya opera. M'chaka cha 2012 lidaonetsedwa ku Glimmerglass ku Amereka mogwirizana ndi bungwe la Cape Town Opera, Eric Owens ali Kumalo, ndipo pa bwalo padali oyimba a ku South Africa eni ake. 

4. Kanema wa 1951

Ntchito ya kanema ndi ina. Nyimbo imatulutsa za mu mtima; kanema amaonetsa nkhope ndi malo. Zoltan Korda, wobadwira ku Hungary koma wogwira ntchito ku London, adatsimikiza kuti akajambula nthanoyi pa nthaka yake yeniyeni, ndipo Paton mwini adathandiza kulemba mau. Adajambula m'chaka cha 1950 ku Ixopo ndi m'makomboni a Johannesburg, kanema natuluka m'chaka cha 1951, chaka chimene sitima ya Ilala idayamba kuyenda pa nyanja yathu. Zithunzi zake ndi zakuda ndi zoyera.

Kumalo adali Canada Lee, Msimangu adali Sidney Poitier, mnyamata wa zaka makumi awiri ndi mphambu zowerengeka amene adali atangoyamba kumene. Onse awiri adali anthu akuda ochokera ku Amereka. Jarvis adali Charles Carson, ndipo Absalom adali Lionel Ngakane, mwana wa ku South Africa konko. Chimene chidawaonekera alendo awiriwo chikadatha kukhala mutu wina wa buku lomwelo. Chaka cha 1950 ndicho chimene boma la Malan lidakhazikitsa lamulo lolemba munthu aliyense mtundu wake ndi lamulo logawa malo okhala potsata khungu. Kuti Lee ndi Poitier alowe m'dzikomo, adalembedwa ngati antchito a Korda, ndipo sankaloledwa kugona m'mahotela a azungu. Adawasunga m'nyumba ina kunja kwa mzinda. Anthu odzasewera za tsankho adayamba alilawa okha.

Zotsatira zake zidasiyana. Poitier adakwera kufikira adakhala mwamuna wachikuda woyamba kulandira mphotho ya Oscar ya wosewera wamkulu, m'chaka cha 1964. Canada Lee adabwerera kwawo kumene dzina lake lidali pa mndandanda wa anthu oganiziridwa kuti ndi achikomyunizimu, ntchito nkumamkana, ndipo adamwalira mu May 1952 ali ndi zaka 45. Kumalo ndiye adali munthu wotsiriza amene iye adasewera mu kanema.  Ngakane adasamukira ku England, nakhala kunja zaka zambiri, nasanduka wopanga kanema iye mwini.

Kanemayu adasunganso chinthu chimene opanga ake sadachiganizire. Sophiatown, kumene adajambulako, boma lidayamba kusamutsako anthu mokakamiza mu February 1955, nyumba nkuzigumula. Misewu, mipanda ya malata ndi ana osewera m'fumbi amene aoneka m'zithunzizo ndi mboni ya mudzi umene udafafanizidwa. Buku likadangotiuza, kanema adatisungira maonekedwe ake. Komabe maganizo aatali a mlembi, monga mitu yonena za migodi ndi za golide wopezeka ku Odendaalsrus, adafupikitsidwa, pakuti chithunzi sichidziwa kusinkhasinkha.

5. Akanema a 1974 ndi 1995

M'chaka cha 1974 sewero loyimba lija nalonso lidajambulidwa, wolongosola ali Daniel Mann, Kumalo ali Brock Peters. Ameneyu adali mdzukulu wa buku, pakuti adachokera ku sewero limene lidachokera ku buku, ndipo adajambulidwa kutali ndi Africa. Sadatchuke kwenikweni. Kwa ife chaka chimenecho chili ndi chikumbutso china. Pa 4 April 1974 ndege ya Wenela yonyamula anthu obwerera kuchokera ku migodi idagwa itangonyamuka ku Francistown m'dziko la Botswana, nipha anthu 78, ambiri mwa iwo Amalawi. Adali atatsiriza ntchito, katundu ali m'manja, akubwera kwawo. Dr. Banda adaletsa Wenela kulembanso anthu m'dziko muno, pa nthawi imene Amalawi oposa 100,000 adali m'migodi ya ku South Africa. Kulemba kudayambanso m'chaka cha 1977 pansi pa dzina la TEBA, koma anthu adali ochepa, ndipo kudatheratu m'chaka cha 1988.

Chaka chomwecho cha 1988 Paton adamwalira, tsankho likadalipo. Adali atatsogolera chipani cha Liberal, chimene chidadzithetsa chokha m'chaka cha 1968 pokana lamulo loletsa anthu a mitundu yosiyana kukhala m'chipani chimodzi, ndipo boma lidamlanda pasipoti kwa zaka khumi. Kucha kumene buku lake linkadikira sadakuone.

Kudacha m'chaka cha 1994, ndipo chaka chotsatira, 1995, kudatuluka kanema wachitatu. Adalongosola ndi Darrell Roodt, mwini ntchito adali Anant Singh, onse a ku South Africa. Mau adalemba ndi Ronald Harwood wobadwira ku Cape Town. James Earl Jones adali Kumalo, Richard Harris adali Jarvis, Vusi Kunene adali Msimangu, ndipo Leleti Khumalo adali mtsikana woyembekezera amene Absalom amkwatira m'ndende. Nelson Mandela adafika pa chionetsero chake ku New York. Nthano idali yomweyo, koma makutu a omva adali atasintha. Mu June 1995 bwalo lalikulu loona za malamulo a dziko lidathetsa chilango cha kunyonga, ndipo chaka chomwecho adakhazikitsa lamulo la bungwe la Choonadi ndi Chiyanjano limene Bishopu Desmond Tutu adatsogolera. M'chaka cha 1951 kanema adali chenjezo. M'chaka cha 1995 adali ngati mwambo wometa maliro, pamene abale amakhala pansi kukumbukira ndi kuona m'mene angakhalirenso pamodzi. N'chifukwa chake kanemayu amachedwa kwambiri pa nkhope za atate awiriwo, ndi pa mapiri obiriwira a Natal.

Tisabise kuti buku ndi ana akewa ali ndi owatsutsa. Alembi achikuda a ku South Africa, monga Es'kia Mphahlele ndi Lewis Nkosi, adadandaula kuti Kumalo ndi wofatsa mopitirira, munthu wongopirira ndi kuthokoza, pamene John, yekhayo wolankhula za malipiro ndi ufulu, adajambulidwa ngati wamantha ndi wodzikonda. Adafunsanso ngati mkaka wa mzungu mmodzi wokoma mtima ungachize dziko limene nthaka yake idalandidwa ndi lamulo. Ife tili ndi chifukwa chomvera dandaulo limeneli, pakuti amene adayambitsa bungwe lalikulu loyamba la antchito achikuda kumeneko, la ICU, ku Cape Town m'chaka cha 1919, adali Clements Kadalie, Mtonga wa ku Chifira pafupi ndi Bandawe, mwana wa nyanja yomweyi. Enanso adaona kuti m'akanema onse atatu mbusa wa Chizulu adaseweredwa ndi munthu wa ku Amereka. Madandaulo amenewa ndi oona, ndipo sachotsa choona china, chakuti atate wolira mwana wake adamveka m'zinenero zambiri pa dziko lapansi, anthu amene sadamvepo za Sophiatown nayamba kufunsa.

6. Nanga athu adzawalira ndani?

Taona kuti nthano imodzi idavala zovala zitatu. Buku lidatilowetsa mu mtima wa namfedwa. Nyimbo idaitana khamu kuti lilire naye, koma idafulumira kumtonthoza. Kanema adationetsa nkhope ndi dziko, nasunga malo amene adagumulidwa. Palibe chimodzi mwa izi chimene chidasenza zonse, ndipo mbadwo uliwonse udasankha chimene unkafuna kumva. Wofuna kudziwa nthano yonse awerenge buku, ndipo akaona kanema adzifunse kuti achotsamo chiyani, ndipo achotseranji.

Tsono tibwerere pa doko paja. M'buku la Paton anthu a m'migodi amaoneka patali, khamu lopanda maina lochokera ku maiko ambiri. M'khamu limenelo mudali agogo athu. Nthano yawo ili nazo zonse zimene zidapatsa buku lija mphamvu, ndi zinanso zoposa: ulendo wa masiku ambiri, malire a maiko atatu, chinenero chachilendo cha pa mgodi, mkazi wodikira osadziwa ngati ndi wokwatiwa kapena wamasiye, ndi nkhalamba yobwera patapita zaka makumi atatu nipeza amene ankaidziwa ali kumanda. Ena adabwera ndi fumbi la miyala m'mapapo. M'chaka cha 2019 bwalo la milandu ku Johannesburg lidavomereza kuti makampani a golide apereke marandi 5 biliyoni kwa odwala matendawa ndi kwa amasiye awo, ndipo Amalawi ali m'gulu la oyenera kulandira. Ulendowo sudathe. Lero ana athu amakwera basi kudzera ku Tete ndi ku Beitbridge, ndipo m'chaka cha 2015, pamene alendo ankamenyedwa kumeneko, Boma lidachita kutumiza mabasi kukawatenga.

Luso lokambira nthano zotere lilipo pakati pathu. Samuel Josiah Ntara adalemba Nthondo m'chinenero chathu m'chaka cha 1933, ndipo chaka chotsatira buku lake lidamasuliridwa m'Chingerezi. Shemu Joyah adajambula The Last Fishing Boat m'mbali mwa nyanja ino, natulutsa m'chaka cha 2012. Buku la William Kamkwamba wa ku Wimbe, lonena za njala ndi makina a mphepo, lidasanduka kanema m'chaka cha 2019, wojambulidwa ku Kasungu, anthu akulankhulamo Chichewa. Za nyimbo sitisowa kuphunzira kwa wina. Amai a pa mtondo adayamba kale kuyimba za amuna otchona.

Chosowa ndi nthawi. Amuna amene adakwera sitima pa Chipoka m'masiku a Wenela atsala owerengeka, ndipo amai amene adawadikira akutha chaka ndi chaka. Inu aphunzitsi ndi ana a sukulu amene mwawerenga kabuku aka, m'mudzi mwanu mukhoza kukhala nkhalamba imene idatsika mu mgodi, kapena gogo amene akusungabe kalata yotsiriza m'kathumba. Pitani mukakhale nawo pa mphasa. Afunseni dzina la mgodi, chaka chimene adapita, amene adapita nawo, ndi amene sadabwere. Lembani monga anenera, osakometsa. Paton adayamba ndi kumvetsera anyamata a ku Diepkloof zaka zoposa khumi asadalembe liwu limodzi la nthano yake. Wopeka nyimbo ndi wojambula kanema adzabwera pambuyo, koma adzafuna kupeza cholembedwa choti ayambirepo.